Bulu Amene Anasenza Manyazi a Eni

Kalekale, kale limene nyama zinkayankhula ndipo mawaya anali atayamba kumva za m'mitu, kunali mayi wina mmisiri, dzina lake Nalingula.

Sendera kuno, mng'ono wanga. Magetsi sabwera msanga, chigayo chili zii. Khala pathumba lakolo, uziti tili tonse.

Nalingula sankasula makasu. Sankaumba miphika. Iye ankalumikiza zamoyo ndi makina.

Anayamba ndi mphemvu. Ankatenga kachipangizo kochepa ngati njere ya mapira, n'kukamata pamsana pa mphemvu. Timawaya tiwiri topyapyala kuposa tsitsi ankatilowetsa m'mitsempha yake. Akati kumanja, mphemvu kumanja. Akati kumanzere, mphemvu kumanzere. Singano ikatayika m'nyumba, anthu ankabwereka mphemvu ya Nalingula, iyo n'kulowa m'ming'alu monse mpaka singano yapezeka.

Atachoka pa mphemvu anapita pa mbewa. Atachoka pa mbewa anapita pa nkhunda. Nkhunda imeneyo ndimaifuna ine, izindiuza zimene zili kuseri kwa phiri.

Anthu ena ankati, "Amenewa ndi maloboti."

Ena ankati, "Loboti wanji wodya gaga?"

Nalingula ankati, "Theka ndi nyama, theka ndi makina. Itanani theka limene mukulifuna."

Ndagi. Uziti gize. Miyendo ndi yanga, njira ndi ya eni. Walephera? Imeneyi si ya agogo, ndapeka ndekha. Sunga, yankho likubwera pangolo.

M'mudzi wina tsidya la dambo munali mwamuna, dzina lake Sandalamu. Anakwatira Ndaziona, namanga nyumba kwawo kwa mkazi, nakhala mkamwini. Sanali waulesi. Ankalima, ankafolera madenga, ankasema mipini. Matenda ake anali amodzi okha: manyazi.

Paja mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Akakumana panjira, wina amapatuka, wina amanjuta, mpaka adutsane. Akamwini onse ankapatuka pang'ono n'kupitiriza ulendo. Koma Sandalamu sankapatuka. Ankalumpha. Akangoona chitenje cha apongozi ake, a Nachanza, thupi linkamuponya patchire asanadzifunse n'komwe. Pali minga, pomwepo. Pali dzenje, pomwepo. Chimene wasenza pamutu, khuthu.

Tsono njira yochokera kumunda inkadutsa kuseri kwa nyumba ya a Nachanza. Chaka china chimanga chinathera m'njira, china chinadyedwa ndi nkhuku, china ndi chiswe. Chaka chinacho chimodzimodzi.

A Nachanza anaitana ankhoswe.

"Mkamwini ameneyu amalimira nkhuku za eni. Chaka chino chimanga chilowe m'nkhokwe ziweto zisanamasulidwe. Chikapanda kulowa, apinde mphasa yake, atenge khasu lake, azipita kwawo."

Ukudziwa kuti m'dzinja mbuzi ndi ng'ombe siziyenda zokha. Anthu akakolola amazimasula zonse tsiku limodzi kuti zikadye mapesi. Chimanga chotsala m'munda tsiku limenelo n'cha mbuzi. Ndipo tsikulo linali pafupi.

Ndaziona analira. Sandalamu sanadye.

Ngolo anali nayo. Bulu anali naye, wokalamba ndithu. Koma buluyo anali atasiya kukoka. Akamumanga pangolo, njo, waima. Chikwapu, njo. Kumunyengerera ndi gaga, gagayo adya, akatha njo.

Sandalamu anamukoka pachingwe mpaka kwa Nalingula.

"Amayi, ndithandizeni. Banja langa lili pamiyendo ya bulu uyu."

Nalingula anameta Bulu kuseri kwa makutu. Anamudzoza mankhwala kuti asamve ululu. Analowetsa timawaya m'mitsempha yopita kumiyendo, n'kumangirira kabokosi pakati pa makutu. Kenako anatulutsa chipewa cha mlaza, m'kati mwake muli timawaya tokhudza mutu.

"Ichi n'chanu. Mukachivala, chimene ubongo wanu wauza miyendo yanu, kabokosi kauza miyendo ya bulu. Chikwapucho tayani."

"Basi?"

"Basi. Koma mumve ziwiri. Chipewachi sichimva za pakamwa, chimamva chimene chafika msanga m'mutu. Ndipo waya ali ngati njira ya kumadzi, wopita ndi wobwera amaponda pomwepo. Kodi m'mutu mwanumo mwini wake ndinu nokha?"

Sandalamu anaseka. "Nanga n'kukhalamo ndani wina?"

Bulu anati, "Ine simundifunsa?"

Onse awiri anali ataweramira batire la kabokosi kaja. Palibe anamva.

Pobwerera, Sandalamu anavala chipewa. Anaganiza zoyenda, Bulu anayenda. Anaganiza zoima, Bulu anaima. Mtima utakondwa anaganiza zovina pang'ono, Bulu anagwedeza mbuyo uku ndi uku. Ana a m'mudzi anafa nalo phwete.

Bulu anati, "Ukalamba wanga wonsewu."

M'mawa mwake anapita kumunda. Anapakira chimanga, ngolo tho. Sandalamu anakwera pamwamba, chipewa kumutu, Bulu akungoyenda ngati mnyamata.

Atafika kuseri kwa nyumba ija, a Nachanza anatuluka kukataya phulusa.

Pakamwa pa Sandalamu panati, "Pita, pita." Koma mutu unali utalumpha kale. Bulu analumpha. Ngolo inamutsata. Onse anagwera m'chitedze.

A Nachanza anatembenuka, nayang'ana mtengo wa mango.

"Iwe Bulu, uwauze ambuyako kuti nkhokwe ili uku, osati m'chitedze."

Sandalamu, nkhope ili m'maudzu, manja akukanda thupi lonse, anati, "Bulu, uwauze amayi kuti ndamva, zikomo."

Bulu anati, "Mwamvana nokha. Inu muli ndi zikhadabo. Ine ndikande ndi chiyani?"

Ndiye anayamba kuimba. Ine ndikaimba, iwe uziti njira ndi ya eni.

Miyendo ndi yanga,
njira ndi ya eni.
Msana ndi wanga,
njira ndi ya eni.
Manyazi ndi awo, chitedze ndi changa,
njira ndi ya eni.

Nkhuku zinabwera, zinathokoza, zinadya.

Madzulo Ndaziona anapaka mwamuna wake phulusa pokanda paja, nati, "Inu abambo, vuto ndi maso anuwa. Njira mumaidziwa pamtima. Mawa mumange mpango wangawu kumaso."

Kutacha anamangadi. Anapakira chimanga, anavala chipewa, ulendo. Anadutsa chitedze bwinobwino. Anafika podutsira madzi, pamatope paja.

A Nachanza ankachokera kotunga madzi. Ataona ngolo anabisala m'bango. Koma munthu wamkulu sabisala ngati mbala. Anatsokomola pang'ono, mwaulemu, kuti mkamwini adziwe kuti alipo.

Chifuwa chimenecho Sandalamu ankachidziwa ngati ng'oma ya kwawo. Mutu unati gwada. Bulu anagwada ndi mawondo akutsogolo, gwa. Ngolo inaweramira kutsogolo. Chimanga chinadutsa pamutu pa Bulu, Sandalamu anadutsa pamwamba pa chimanga, onse m'matope.

M'bango munamveka mawu. "Iwe Bulu, uwafunse ambuyako ngati akufesa chimanga m'madzi ngati mpunga."

M'matope munamveka mawu. "Bulu, uwauze amayi kuti madzi atunge bwino."

Bulu anaimba.

Miyendo ndi yanga,
njira ndi ya eni.
Manyazi ndi awo, matope ndi anga,
njira ndi ya eni.

Nkhumba zinabwera, sizinathokoze n'komwe, zinadya.

Tsopano m'munda munatsala chimanga cha ngolo imodzi, chachikuluchikulu, cha pachulu chakale. Ndipo mawa lake linali tsiku lomasula ziweto.

Ndaziona anapita kwa mayi ake.

"Amayi, mawa musayende m'njira. Chonde."

"Ndamva, mwanawe. Ndisowa ngati mvula ya m'chilimwe."

Sandalamu nayenso anaganiza payekha. Anati mumtima, "Mawa sindidzera m'njira. Ndizungulira kuseri kwa chulu chachikulu chija, kumene sikupita munthu."

A Nachanza nawonso anaganiza paokha. Anati mumtima, "Mawa ndikakhala kuseri kwa chulu chachikulu chija, kumene sikupita munthu."

Waona? Anthu awiri othawana amathawira malo amodzi.

Tambala atalira, a Nachanza anayala mkeka kuseri kwa chulu, natambasula miyendo, nayamba kusenda mtedza. Posakhalitsa anamva matayala. Asanaimirire, ngolo balamanthu.

Mutu wa Sandalamu unati lumpha. Mutu womwewo unati gwada. Miyendo yakutsogolo ya Bulu inagwada, yakumbuyo inalumpha. Bulu anaima ndi mutu, mchira kumwamba. Ngolo inagona chammbali.

A Nachanza anapsa mtima. Anayang'ana chulu, nauza Bulu.

"Iwe Bulu, uwauze ambuyako aike chipewacho pansi, abwerere m'mbuyo. Ngoloyi ndiyendetsa ndine. Ikakafika ndi ine, ndiye kuti vuto si bulu, si chipewa, ndi iwowo. Mphasa apinde lero lomwe."

Sandalamu anaika chipewa pansi. Anabwerera chafutambuyo mpaka analowa m'tchire.

Ndaziona anabwera kudzathandiza mayi ake kutola chimanga. Anadzutsa ngolo, anapakira, Ndaziona misozi ili mbwembwembwe. A Nachanza anavala chipewa pamwamba pa mpango, nakwera. Anaganiza zoyenda, Bulu anayenda. Anabwerera m'njira. Ngolo inawongoka ngati mzere wa mphasa.

"Mwaona?" anatero a Nachanza, akuuza aliyense wokumana naye. "Bulu alibe mlandu. Mutu ukakhala wa munthu wamkulu, zinthu zimayenda."

Koma Sandalamu anali atadzera m'tchire, wafika kale kunyumba. Anapinda mphasa yake. Anatenga khasu lake. Anayang'ana denga limene anafolera yekha, natuluka. Ndipo njira yopita kwawo inali yomwe ija, yodutsa pakati pa matope ndi chitedze.

Pamenepo ndi pamene anakumana. Sandalamu anali ataweramitsa mutu ndi chisoni, sanamve matayala. A Nachanza anali akuyang'ana kumbali, akudzitama. Anangozindikira ali pafupi, ngolo apa, mkamwini apa.

Sandalamu analumphira m'maudzu, mphasa ndi khasu zomwe.

Koma chipewa chinali kwa yani? Mutu wa a Nachanza unati tembenuka, njuta, bisa nkhope. Bulu anatembenuka, naloza mkamwini ndi mchira, nakhala pansi mwaulemu ngati mayi wofika pamaliro. Ngolo inapingasa njira.

"Dzuka," anatero a Nachanza.

Bulu phee.

"Ndati dzuka."

Bulu anati, "Pakamwa panu pakuti dzuka. Mutu wanu ukuti ndibiseni. Ndimvere uti?"

"Ine ndilibe manyazi ndi mwana wa dzulodzuloyu."

"Ndiye amene wandikhazika pansiyu ndani?"

A Nachanza anavula chipewa. Bulu anadzuka, koma njo, ngati kale, osakoka. Anavala chipewa, Bulu anakhala pansi. Kuvula, njo. Kuvala, pansi.

Ukufunsa kuti bwanji Ndaziona sanavale yekha? Anavala. Koma mutu wake mbali ina unali kwa mayi, mbali ina kwa mwamuna. Miyendo yakumanja ya Bulu inapita kwa mayi, yakumanzere kwa mwamuna. Bulu anatang'adza ngati mtanda wa denga, nati, "Vulani msanga, mundigawa pawiri."

Nthawi yomweyo kumudzi kunamveka likhweru la abusa. Makola anatsekulidwa. Fumbi linakwera. Mbuzi zinali kutsogolo, zikulira mee, mee, mphuno zili kuchimanga.

Ndaziona anayang'ana fumbi. Anayang'ana mayi ake, nkhope ili kubango. Anayang'ana maudzu mmene munali kutuluka zidendene za mwamuna wake.

Tsono mwambo wothetsa manyazi unalipo m'mudzimo. Apongozi ankapha nkhuku, ankhoswe n'kukhala mboni, mkamwini ndi apongozi n'kudyera mbale imodzi. Akatero ayang'anana, ayankhulana. Koma a Nachanza chaka ndi chaka ankati nkhuku sizinanenepe. Sandalamu chaka ndi chaka ankati zikomo kuti sizinanenepe.

Ndaziona anamasula mfundo ya chitenje chake. Munali mbatata yootcha, kamba wake wa kumunda. Anainyema pakati.

"Nkhuku tidzapha mawa. Lero nkhuku ndi mbatatayi."

"Mwanawe, mboni ili kuti?"

Bulu anati, "Mauthenga anu onse ndanyamula ndine. Nkhoswe woposa ine mumupeza kuti?"

"Amayi, tembenukani. Inu abambo, tulukani m'maudzumo. Chimanga chikapita ndi mbuzi, banja langa lapita ndi mbuzi. Ine sindinakwatiwe ndi zidendene."

Sandalamu anatuluka chokwawa. A Nachanza anatsika pangolo chafutambuyo. Ndaziona anagwira uyu phewa, anagwira uyo phewa, nawatembenuza ngati zitseko. Anaika mbatata m'dzanja la uyu, mbatata m'dzanja la uyo.

Analuma. Anatafuna. Maso anakwera pang'onopang'ono, mpaka anakumana.



A Nachanza anati, "Kani akamwini muli ndi mpata m'mano?"

"Ndinabadwa nawo, amayi."

"Zaka zonsezi ine ndimakudziwani nkhongo yokha. Ndinkati mwina kutsogoloku kulibe nkhope."

"Nanenso, amayi, ndimadziwa chitenje ndi chifuwa basi. Ndinkayesa ndinu aatali ngati mgwalangwa."

"Ndiye mwandipeza bwanji?"

"Mukundilekeza m'khwapa, amayi."

A Nachanza anaseka mpaka mbatata inawatsamwa. Sandalamu anawamenya pamsana, ndipo dziko silinagwe.

Mbuzi yoyamba inali itafika, yaika kale miyendo pangolo.

"Valani chipewa, akamwini. Ndikhala pambali panu pomwepa."

Anakwera onse atatu. Sandalamu anavala chipewa. Kwa nthawi yoyamba m'mutu mwake munali bata, mopanda chitenje, mopanda chifuwa. Anaganiza zoyenda. Bulu anakoka.

Sandalamu anakuwa, nagwira phewa lake. "Mayo, ndapsa."

Ndaziona anakweza malaya ake. Panalibe kanthu.

Bulu anati, "Si lanu phewalo. Ndi langa. Lakhala likukuitanani pawaya kuyambira tsiku loyamba, koma m'mutu mwanu munadzaza apongozi, linasowa pokhala."

Sandalamu anatsika. Anakweza lamba wokokera ngolo. Pansi pake panali chilonda chakale, chofiira, chachikulu ngati chikhatho.

"N'chifukwa chake unasiya kukoka?"

"N'chifukwa chake."

"Bwanji sunanene?"

"Chikwapu chinali ndi makutu?"

Sandalamu anavula chipewa, nachikoleka pamtengo. A Nachanza anavula mpango wawo, naupinda, nauika pansi pa lamba, nasendeza lambayo kuti asakhudze chilonda. Mbuzi zinali zitazungulira ngolo, Ndaziona akuzikwapula ndi mphasa ya mwamuna wake.

Sandalamu anaima kutsogolo kwa Bulu, namuyang'ana kumaso.

"Bulu, kodi tingapite?"

"Mwafunsa. Tiyeni. Koma nonse mutsike, muzikankha."

Ndiye anapita, Bulu kutsogolo ndi miyendo yake ndi mutu wake, mkamwini ndi apongozi kumbuyo akukankha ngolo phewa ndi phewa, Ndaziona akumenyana ndi mbuzi. Mbuzi zinalanda ngala zingapo za chimanga, zochepa ndithu. Chotsala chonse chinalowa m'nkhokwe.

Mphasa inayalidwanso pamalo pake. Khasu linabwerera kuseri kwa chitseko. M'mawa mwake nkhuku inaphedwa, ndipo inali yonenepa kwambiri. Nanga si inakulira chimanga cha Sandalamu?

Bulu anapita yekha kwa Nalingula.

"Amayi, chotsani timawaya tanu."

Nalingula anachotsa, namva nkhani yonse. Kenako anaitana nyama zake zonse n'kuzifunsa, imodziimodzi. Mbewa zinati chotsani. Nkhunda zinati tiganize kaye, zikuganizabe padenga mpaka lero. Mphemvu zinati, "Kabokosi chotsani, koma timawaya tisiyireni, timatikhala bwino." N'chifukwa chake mphemvu ili ndi timawaya tiwiri kumutu, ikungotigwedeza, kufunafuna singano imene palibe waituma.

Ndipo bulu ukamuona waima njo pakati pa msewu, usathamangire chikwapu. Akufunsa miyendo yake kuti, ganizo limeneli ndi langa kapena ndi la eni? Akapeza kuti ndi lake, ayenda.

Ndagi ija wayankha tsopano? Eya, ndi bulu wa kabokosi. Koma Sandalamu nayenso miyendo inali yake, njira inali ya manyazi. Usanayendetse miyendo ya mnzako, yamba wadziwa amene akuyendetsa yako. Ndipo amene akukukokera ngolo, mufunse pamene pakumupweteka.

Tamva, chigayo chalira. Nthano yanga yamasula ngolo, yathera pomwepo. Nyamula thumba, atidutsa pamzere.